Kudzutsa Bantam Yogona: Mmene Amakonzera Injini Yakale ya Two-Stroke

Munthu akapeza njinga yamoto yakale itatsamira khoma la shedi, matayala ataphwa, akangaude atamangapo nyumba zawo, phazi limamuyabwa. Amafuna aponde kiki kamodzi kokha, angomva ngati ingalire. Amakaniko odziwa njinga zakale amaletsa zimenezi kwamtuwagalu, ndipo salakwa. Injini yomwe yagona zaka makumi awiri kapena atatu imatha kulira ndithu, mwina kulira bwinobwino kwa mphindi zingapo. Koma m'mphindi zomwezo dzimbiri la m'maberingi limanyenyeka n'kuyamba kupala chitsulo chilichonse chimene likukhudza. Injini imene ikanakonzeka ndi ndalama zochepa imasanduka zitsulo zokagulitsa pa sikelo.

M'nkhani ino titsatira njinga imodzi yodziwika, BSA Bantam, imene inkapangidwa ku England kuyambira 1948 mpaka 1971. Ndi kanjinga kosavuta, zinapangidwa zoposa 250,000, ndipo mpaka lero ku Britain kuli anthu amene amazifukula m'mashedi n'kuzibwezera pamsewu. Zambiri zimene amachita pa Bantam zimagwiranso ntchito pa injini ina iliyonse ya two-stroke, ngakhale ya Yamaha DT kapena AG100 imene owerenga ena amaikumbukira ikulira m'misewu ya kumudzi, itanyamula mlangizi wa zaulimi.

Bantam inkagulitsidwa ngati njinga ya Angelezi enieni, koma kwawo kwenikweni ndi ku Germany. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, kampani ya DKW ya m'tauni ya Zschopau inatulutsa kanjinga kotchedwa RT 125, komwe anakakonza ndi injiniya wawo Hermann Weber. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mayiko opambana anatenga mapulani a njingayi ngati gawo la chipukutamisozi. Ku Soviet Union inatuluka ndi dzina loti M-1A Moskva. Ku America kampani ya Harley-Davidson inayamba kupanga yake ya 125cc mu 1948. Ku Birmingham a BSA, kampani imene inayamba ndi kupanga mfuti mu 1861, anatembenuza mapulaniwo kuti cha kumanzere chipite kumanja, popeza Angelezi anazolowera kusintha magiya ndi phazi lamanja. Ku Japan nakonso, kampani yopanga mapiyano ya Nippon Gakki inatengera RT 125 yomweyo popanga njinga yake yoyamba mu 1955, Yamaha YA-1. Motero amene watsegula injini ya Bantam watsegula injini ya banja lalikulu.

Bantam yoyamba, D1, inali ya 123cc: silinda yotakata mamilimita 52, pisitoni yoyenda mamilimita 58, magiya atatu. Mphamvu zake zinali pafupifupi mahatchi anayi ndi theka, ndipo ikathamanga kwambiri inkangopitirira pang'ono makilomita 70 pa ola. Anyamata a positi ofesi ku Britain ankaperekera matelegalamu pa ma Bantam opakidwa penti yofiira. Pambuyo pake kunabwera ya 150cc, kenako za 175cc, koma kapangidwe ka injini sikanasinthe kwenikweni.

Mapapo ali pansi

Kuti munthu amvetse chifukwa chake injini yotere imawonongeka ikangokhala, ayambe wamvetsa mmene imapumira. Njinga zambiri za kabaza zimene tikuziona masiku ano ndi za four-stroke: zili ndi mavavu otsegula ndi kutseka, ndipo oilo amakhala m'munsi mwa injini, maberingi n'kumasamba momwemo. Two-stroke ngati Bantam ilibe mavavu otere, ilibenso dziwe la oilo. Ili ndi mabowo m'khoma la silinda, ndipo pisitoni yeniyeniyo ndiyo imawatseka ndi kuwatsegula ikamakwera ndi kutsika.

Nzeru yake inachokera kwa Mngelezi wina wa ku Bath, Joseph Day, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Iye anaona kuti chipinda cha pansi pa pisitoni, chimene amakaniko amati crankcase, chingagwire ntchito ngati mvukuto wa wosula zitsulo. Pisitoni ikamakwera, pansi pake pamatsala malo, ndipo mpweya wosakanikirana ndi petulo umakokedwa kuchokera ku kabureta n'kudzaza crankcase. Moto ukaphulika pamwamba, pisitoni imatsika n'kupanikiza mpweya uja, ndipo ikafika pansi imatsegula timipata ta m'mbali timene timaukweza pamwamba, uku utsi wakale ukutuluka pa bowo la ekizozi. Injiniya wa ku Germany Adolf Schnürle anawonjezerapo nzeru ina, yolozetsa timipatato kumbuyo kwa silinda kuti mpweya watsopano uzungulire n'kukankha utsi m'malo mothawira ku ekizozi. DKW inagwiritsa ntchito njira imeneyi, ndipo Bantam inaitengera.

Zotsatira za kapumidwe kameneka ndi ziwiri, ndipo zonse zimamupweteka wokonza. Choyamba, mvukuto wobooka suvukuta. Crankcase ikamadontha mpweya, injini singayende bwino, ngakhale pisitoni ikhale yatsopano, pulagi yatsopano, kabureta yowala. Chachiwiri, poti crankcase ndi njira ya petulo, beringi yaikulu ya pa crankshaft, imene amati big end, imadalira oilo amene wasakanizidwa mu petulo. Chivundikiro cha thanki ya Bantam chinali ndi kachibekete koyezera oilo, ndipo malangizo a nthawi imeneyo ankati pafupifupi gawo limodzi la oilo pa magawo 20 a petulo. Oilo ameneyu amangosiya kachinyezi kochepa pa zitsulo. Njinga ikaimikidwa, petulo amauma, kachinyeziko kamatha, ndipo mpweya wa kunja umalowa pa ekizozi kapena pa kabureta. Usiku uliwonse wozizira umasiya timadontho ta madzi pa maberingi ouma. Pakatha zaka, kunja njinga imangooneka yafumbi, koma m'kati yadyeka.

N'chifukwa chake ndimadabwa ndi anthu amene amayamba ndi penti ya thanki ndi kupukuta masipoko. Zimenezo n'zosangalatsa m'maso, koma moyo wa two-stroke uli kumene maso safika.

Kumasula

Asanagwire nati iliyonse, wokonza Bantam amafunika masipanala oyenera. Njinga za ku Britain za nthawi imeneyo sizinkapangidwa ndi miyeso ya mamilimita. Mitu ya mabawuti ake ndi ya muyeso wa Whitworth, ndipo mazinga ake ndi achingelezi. Sipanala ya mamilimita imaoneka ngati yalowa, koma ukakoka imaterereka n'kudya ngodya za nati. Choipa kuposa pamenepo ndi kukakamiza bawuti ya mamilimita m'bowo la aluminiyamu: imalowa, inde, koma mazinga a m'katimo atha. Njinga zambiri zakale zimafika kwa wokonza zitavulazidwa kale chonchi ndi anthu amene anazigwirapo m'mbuyomu.

Injini imachotsedwa mu felemu, n'kutsukidwa kunja ndi parafini kuti matope asagwere m'kati. Chilichonse chomasulidwa chimajambulidwa pa foni chisanachotsedwe n'kuikidwa m'kathumba kakekake kolembedwa. Timawashala topyapyala timene timakhala m'mbali mwa maberingi timaoneka topanda pake, koma ndi timene timaletsa crankshaft kuyendayenda, ndipo pakatha mwezi palibe amene amakumbukira kuti kanali mbali iti.

Manati anayi akamasulidwa, mutu wa silinda umachoka. Apa m'pamene vuto loyamba limaonekera: nthawi zambiri pisitoni imakhala itamatirira ku silinda. Silinda ya Bantam ndi ya chitsulo cha cast iron, maring'i nawonso, ndipo dzimbiri limazigwirizanitsa. Mankhwala ake ndi kudikira. Amathira dizilo kapena parafini pamwamba pa pisitoni n'kuisiya masiku angapo, mwinanso masabata, akuwonjezera ikamaphwa. Kenako amaika kachipika ka mtengo pamwamba pa pisitoni n'kumagogoda pang'onopang'ono. Wopupuluma amatenga chitsulo ndi hamala yaikulu, n'kuboola pisitoni, kapena kupinda conrod (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft), kapenanso kuthyola zipsepse za silinda zimene zimaziziritsa injini. Pisitoni imagulidwa. Chipsepse chothyoka ndi nkhani ina.

Silinda ikachoka, conrod imakhala poyera, ndipo apa pamachitika mayeso amene amanena zambiri. Wokonza amaigwira ndi zala, crankshaft ili pamwamba penipeni, n'kuikoka m'mwamba ndi kuikankhira pansi. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kololedwa. Koma ikangomveka kuti gwede m'mwamba ndi pansi, ngakhale pang'ono zedi, big end yatha. Akaizunguliza n'kumva ngati muli mchenga, kapena akaona madzi ofiirira akutuluka m'mbali mwake, sipafunikanso kukambirana.

Kuti afike m'kati amayamba wachotsa magineto mbali imodzi, kilachi ndi tcheni cha injini mbali inayo. Gudumu la magineto limakhala lothina pa msonga ya crankshaft, ndipo limafuna chida chake chokokera. Kulimenya ndi hamala kumapinda msongayo, komanso kumafooketsa maginito. Kenako zigawo ziwiri za crankcase zimalekanitsidwa. Apa chiyeso chimakhala cholowetsa sikuludiraiva pakati n'kukanula. Osatero. Pamene zigawo ziwirizo zimakumana ndi pomwe pamatseka mvukuto uja, ndipo kabala kamodzi ka sikuludiraiva kamasiya njira ya mpweya. Zikakana kulekana, kawirikawiri pali sikuluu ina yobisika pansi pa girizi wouma imene sinamasulidwe.

Crankshaft ya Bantam si chitsulo chimodzi. Ndi magudumu awiri olemera olumikizidwa ndi pini yopanikizidwa mwamphamvu, conrod ili pakati. Kusintha big end kumafuna makina opanikizira a matani angapo, choncho iyi ndi ntchito ya ku shopu ya mainjiniya, osati ya pakhonde. Kulowetsa pini yatsopano ndi theka chabe la ntchitoyo. Theka linalo ndi kuwongola. Crankshaft imagonekedwa pa zitsulo ziwiri zooneka ngati V, kawotchi koyezera kamaikidwa pa shafuti, ndiye mmisiri amaizunguliza akuyang'ana muvi. Muvi ukagwedezeka, amainyamula, amamenya gudumu limodzi ndi hamala ya kopa, n'kuibwezeranso poyezera. Amabwereza mpaka kupotoka kutatsika pansi pa 0.05 ya milimita. Crankshaft yopotoka imanjenjemeretsa njinga yonse, imadya maberingi atsopano, ndipo imakulitsa ma seal mpaka ayambe kudontha.

Ma seal amenewo ndi timphira tiwiri kapena titatu tozungulira shafuti, totsika mtengo kuposa china chilichonse m'injinimo, koma ndi timene timasunga mpweya mu crankcase. Mphira ukakhalitsa umauma n'kung'aluka. Seal ya mbali ya magineto ikatha, injini imayamwa mpweya wopanda petulo: imavuta kuliza, ikalira imathamanga yokha osafuna kutsika, imatentha, ndipo mapeto ake pisitoni imafufuma n'kugwira m'silinda njinga ili pa liwiro. Seal ya mbali ya kilachi ikatha, injini imayamwa oilo wa mu giyabokosi: utsi umachuluka, pulagi imanyowa, ndipo oilo wa mu giyabokosi amangochepa osaoneka podonthera. Anthu ambiri amataya miyezi akusintha majeti a kabureta pofuna kuchiza matenda a seal. Injini ikatsegulidwa, ma seal onse ndi maberingi onse a crankshaft amasinthidwa, ngakhale akuoneka abwino.

Silinda imayesedwa ndi zida zoyezera, osati ndi maso. Ngati dzimbiri linangodetsa khoma, kupalapala pang'ono ndi miyala ya honing kumakwanira. Ngati lasiya timaenje, kapena chikhadabo chikukodwa pa mzere umene ring'i imathera pamwamba, silinda imakulitsidwa pa makina n'kuikamo pisitoni yokulirapo, kawirikawiri ndi 0.020 ya inchi, yomwe ndi pafupifupi theka la milimita. Ikabwera kuchokera ku makina, milomo ya mabowo a m'khoma imakhala yakuthwa, ndipo iyenera kufafanizidwa pang'ono ndi tupa kuti ring'i isakodwe podutsa. Pa chifukwa chomwecho, mu ngalande za maring'i a two-stroke muli timapini timene timaletsa ring'i kuzungulira. Nsonga ya ring'i ikalowa m'bowo la ekizozi imathyoka, ndipo zidutswa zake zimalemba mizere m'silinda yatsopano ija.

Za giyabokosi n'zochepa. Poti imakhala m'oilo, nthawi zambiri imapulumuka. Amayang'ana mano a magiya, kasipuling'i ka kiki ndi mbale za kilachi, zomwe zimakonda kumatirirana zikakhalitsa.

Kumanganso

Maberingi salowetsedwa ndi hamala. Aluminiyamu amafufuma msanga kuposa chitsulo akatenthedwa, choncho zigawo za crankcase zimatenthedwa mu uvuni kapena m'madzi owira mpaka pafupifupi madigiri 100, pamene maberingi atsopano agona mu firiji. Beringi yozizira imangogwera m'bowo lotentha yokha, ndipo zikazizira zonse imagwira zolimba. Milomo ya ma seal imapakidwa girizi pang'ono kuti isang'ambike polowa shafuti. Pamene zigawo zikumana pamapakidwa zomatira zopyapyala kwambiri, chifukwa zochuluka zimafinyikira m'kati n'kutseka timabowo ta oilo. Masikuluu akamangidwa, crankshaft izizungulira ndi chala chimodzi. Ikalimba, pali chimene chakhala molakwika, ndipo ndi bwino kumasulanso pompo.

Pomangirira pisitoni ku conrod, mmisiri wanzeru amayamba watseka pakamwa pa crankcase ndi nsanza yoyera. Timawaya togwira pini ya pisitoni timakonda kudumpha, ndipo kakagwera m'katimo ndiye kuti injini yonse imasulidwenso. Timawaya timeneti timaikidwa tatsopano nthawi zonse.

Pali mayeso amodzi amene ambiri amawadumpha, chonsecho ndi amene amatsimikiza ntchito yonse. Injini ikamangidwa, amatseka bowo la ekizozi ndi la kabureta ndi mphira, n'kupopera mpweya pang'ono m'kati, pafupifupi 5 psi, ndi pampu yamanja yokhala ndi geji. Muvi ukhale pomwepo kwa mphindi zingapo. Ukamatsika, amapaka madzi a sopo m'malumikizidwe onse, ndipo thovu limaloza pomwe pakudontha. Kuchita zimenezi injini ili patebulo n'kosavuta kusiyana ndi kudzazindikira njinga itagwira pamsewu.

Moto wa pulagi pa ma Bantam ambiri umachokera ku magineto ya Wipac. Ikagona nthawi yaitali, mapointi amachita dzimbiri, kondensa imafa, ndipo nthawi zina maginito amafooka. Mapointi amatsukidwa n'kusiyidwa mpata wa 0.015 ya inchi. Nthawi imene moto ukuyenera kuthetheka imayesedwa ndi kamtengo kolowetsedwa pa bowo la pulagi: pa D1, mapointi ayambe kutseguka pisitoni itatsala pafupifupi mamilimita anayi kuti ifike pamwamba. Masiku ano ambiri amachotsa zonsezi n'kuikamo zamagetsi zamakono zopanda mapointi. Okonda zakale amanyinyirika nazo, koma kunja sizioneka, ndipo njinga imalira m'mawa wozizira.

Kabureta ya Amal imamasulidwa yonse n'kuviikidwa. Petulo wakale amasiya utomoni umene umatseka timabowo ta majeti, ndipo timatsegulidwa ndi mpweya, osati ndi waya, poti waya amakulitsa bowo. Thanki yadzimbiri ikasiyidwa, kabureta yoyera ija imatsekekanso tsiku loyamba lomwelo. Mapaipi akale a petulo amatayidwa, makamaka chifukwa petulo wa masiku ano amakhala ndi ethanol, amene amadya mphira wakale ndiponso amakoka chinyezi. Ku Britain petulo wa E10 anakhala wamba mu 2021, pamene ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Ekizozi nayo isaiwalidwe: oilo wopsa amasiya mwaye wolimba m'bowo la silinda ndi m'sailensa, ndipo Bantam yotsekeka ekizozi imalira bwino koma imalephera kamtunda kakang'ono.

Pa njinga za ku Japan pali chinthu china choti chiyang'anidwe. Kuyambira mu 1964 Yamaha inayamba kuika kapampu ka oilo kotchedwa Autolube, kuti mwini njinga asamavutike kusakaniza. Kapampu kameneka kakagona zaka, mumalowa mpweya kapena kamatsekeka, ndipo injini imauma mwini wake akuona thanki ya oilo ili yodzaza. Choncho poliza koyamba amathirako oilo mu petulo, mpaka ataona ndi maso kuti oilo akuyenda m'kapaipi.

Nkhani ya muyeso wa oilo imautsa mikangano pakati pa eni ma Bantam. Ena amatsatira buku lakale, ena amachepetsa poti oilo wamakono wa two-stroke ndi wabwino kuposa wa 1950. Chimene ambiri amavomereza n'chakuti kuthira oilo wambiri mopitirira si chitetezo. Jeti imadutsa madzi a muyeso womwewo, ndiye oilo akachuluka petulo amachepa, ndipo injini imatentha.

Tsiku loliza likafika, kiki imene inaletsedwa poyamba paja imaloledwa. Utsi umatuluka wambiri chifukwa cha oilo amene anapakidwa pomanga, kenako umachepa. Makilomita mazana angapo oyamba njinga imayendetsedwa mofatsa, liwiro likusinthasintha, osaikakamiza pa giya yaikulu pokwera mtunda, kuti maring'i akhazikike m'silinda. Injini ikatentha n'kuzizira koyamba, manati a mutu wa silinda amamangidwanso. Pulagi imamasulidwa kawirikawiri n'kuyang'anidwa nsonga: ikakhala yofiirira ngati khofi wamkaka zili bwino, ikada ndi kunyowa petulo kapena oilo wachuluka, ikayera mbuu injini ikuuma ndipo ulendo uthere pomwepo mpaka chifukwa chipezeke.

Wokwera amafunikanso kuphunzira chizolowezi chimodzi chimene njinga za four-stroke sizifuna. Potsetsereka phiri lalitali, munthu amatseka mafuta n'kusiya injini kuti izigwira njinga. Pa Bantam, kutseka mafuta ndi kutsekanso oilo, chonsecho tayala lakumbuyo likuzunguza injini mwamphamvu. Okwera akale ankagwira kilachi apo ndi apo n'kutsegulako mafuta pang'ono, kuti big end ndi pisitoni zilandire oilo asanafike kumunsi kwa phirilo.